Mvula imagwa ku Mulanje, maliro amagwa ku Makhanga

Chaka chilichonse mitambo ikayamba kuda mu Disembala, pawailesi pamamveka mawu omwewo: anthu a m'chigwa cha Shire asamukire kumtunda. Nduna inena, bwanamkubwa abwereza, a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA atsindika. Madzi akafika n'kutenga nyumba, mbuzi ndi ana, mawu aja amasintha pang'ono. Amati anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa ndi osamva. Ena, makamaka a m'tauni amene amationera pa kanema, amafika ponena kuti timachita dala, ati timakhalira m'madzi kudikira matumba a ufa ndi mabulangete. Bodza limeneli lanenedwa kwa zaka zambiri moti ngakhale ana athu ena ophunzira ayamba kulivomereza.

Ine ndikulikana, ndipo ndiyambira pa mvula. Chigwa chathu ndi limodzi mwa madera ouma kwambiri m'dziko muno. Ku Ngabu ndi ku Nchalo mvula ya chaka chonse kawirikawiri siyipitirira mamilimita 800, ndipo mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40. N'chifukwa chake makolo athu adakangamira mapira, mchewere ndi thonje. Pamwamba pa phiri la Mulanje mvula imapitirira mamilimita 2,000 pachaka. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe malo amene Shire umatulukira m'Malawi kumunsi kwa Nsanje ali pa mamita 37 okha. Madzi amene amatimiza ambiri sagwa kwathu. Amagwa ku Mulanje, ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Blantyre, ku Neno ndi ku Mwanza. Ife timangowalandira, nthawi zina pakati pa usiku, kunja kuli gwa, nyenyezi zikuoneka.

Ambiri amaganiza kuti chitseko cha Kamuzu Barrage ku Liwonde, chomwe chidamangidwa mu 1965, ndicho chimatiteteza kapena kutimiza. Chitseko chija chimalamulira madzi otuluka m'nyanja ya Malawi basi. Kumunsi kwake kuli Rivirivi, Lisungwi, Mkulumadzi, Lunzu, Mwanza ndi timitsinje tambirimbiri totsika m'mapiri a Thyolo kugwera ku East Bank, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene uli ndi chitseko. Woopsa kuposa yonse ndi Ruo. Umayambira pa phiri la Mulanje, n'kutola madzi a Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, n'kugwa pa mathithi a Zoa, kenako n'kudzagunda Shire pa Chiromo. Ruo ukadzaza, Shire umasowa podutsa. Madzi amabwerera m'mbuyo n'kudzaza dambo la Elephant Marsh, ndipo dambo likakhuta amalowa m'midzi. Mu 1997 madzi adadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu a kwa Mlolo n'kuyamba kuwoloka pa Mtayamoyo pa bwato, odwala ndi amayi oyembekezera omwe. Mu Januwale 2015 Ruo udasiya njira yake n'kudzitsegulira ina pakati pa midzi, Makhanga n'kusanduka chilumba chofikika pa helikopita. Chaka chimenecho anthu 106 adafa m'dziko muno ndipo pafupifupi 230,000 adathawa m'nyumba zawo.

Tsono ngati madzi amachokera kumapiri, funso loyamba lisakhale loti munthu wa ku Makhanga akukhaliranji ku Makhanga. Tiyambe tafunsa kuti kumapiriko kwachitika chiyani.

Mu 1984 Dr Kamuzu Banda adalengeza kuti mkungudza wa ku Mulanje ndiwo mtengo wa fuko lathu. Mtengo umenewu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Ocheka matabwa adaulowa ndi macheka, anyamata n'kumatsitsa matabwa pamutu kudzera m'tinjira ta m'phiri, moto wa alenje n'kumapsereza timitengo tomwe timati timere. Pofika 2017 ofufuza adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Sindikunena kuti mkungudza pawokha ukadaimitsa Ruo. Ndikunena kuti ngati boma lidalephera kuteteza mtengo umene lidautcha lokha wa fuko, m'nkhalango yomwe yakhala pansi pa lamulo kuyambira 1927, yokhala ndi alonda olandira malipiro, nanga mitengo wamba ya m'makhwawa a ku Thekerani ndi ku Sandama aiteteza ndani? Matabwa a mkungudza sauluka. Adadutsa pa misewu ya boma, pa malodibuloko a boma, masana. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, akuluakulu n'kuomba m'manja. Chonsecho nkhani yofuna kukumba miyala ya bauxite pa Lichenya ndi Linje, pamwamba penipeni pomwe mitsinje imayambira, yakhala ikubwerabwera m'maofesi omwewo. Anthu a ku Mulanje adaikana. Ife a kumunsi, amene matope a mgodi wotero angatipeze m'nyumba, palibe adabwera kudzatifunsa.

Ku Thyolo nkhani ndi ya malo. Malo abwino athyathyathya adatengedwa ndi minda ya tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mlimi wamba adakankhidwira m'mbali mwa mapiri. Amalima chimanga pamalo otsetsereka oti mbuzi yomwe imayenda mosamala. Nkhalango ya phiri la Thyolo idatha chifukwa chomwecho. Munthu ameneyu sindimuweruza. Iye ndi ife tili pa mlandu umodzi: iye akutaya nthaka, ife tikuilandira ngati mchenga pakhomo.

Ndiye pali makala. Aliyense amene adayendapo usiku pa msewu wa Zalewa kapena pa chitunda chochokera pa Thabwa kukwera ku Blantyre adaziona njinga zosenza matumba atatu kapena anayi, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Makala amenewo akupita ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ndipo magetsi akazima amalowanso m'mipanda ya ku Namiwawa. Taonani mmene zinthu zimazungulirira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Magetsi adakhala akuzimazima kwa chaka ndi miyezi. Magetsi akazima mbaula zimayaka, mbaula zikayaka mitengo ya ku Neno, ku Mwanza ndi kwa Chapananga imagwa, mitengo ikagwa madzi a chaka chamawa amatsika ndi liwiro loposa kale, n'kudzagundanso pa Kapichira pomwepo. Bwana amene amatinena pa wailesi kuti ndife osamva, nsima yake ya madzulo idaphikidwa ndi mtengo umene ukadagwira madzi omwe adatimizawo.

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo sindiibisa. Tsanya wa kumadzulo kwa Chikwawa tawotcha tokha. M'mapiri a Malawi Hills, pamwamba pa boma la Nsanje, muli kabirimankhwe kakang'ono kosaposa chala cha munthu, kamene akatswiri amakatcha Rhampholeon chapmanorum. Sikapezeka mwachilengedwe kwina kulikonse kunja kwa dera lathu lino. Kadadziwika kwa asayansi mu 1992, ndipo ofufuza amene adakapezanso mu 2016 adaona pa zithunzi za m'mlengalenga kuti pafupifupi magawo 80 mwa 100 a nkhalango yake atha kuyambira 1984. Wina afunsa kuti birimankhwe ali ndi ntchito yanji kwa munthu wanjala. Alibe. Koma nkhalango imene kanyamako kamakhalamo ndi yomwe imagwira madzi a timitsinje totsikira ku Nsanje, ndipo kanyamako kakasowa pokhala ndiye kuti mitsinje ija yayamba kale kubwera ndi miyala m'dzinja n'kuuma gwa mu Ogasiti.

Kafukufuku wa bungwe la FAO adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a nthaka pa hekitala iliyonse pachaka. Nthaka imeneyi siithawira kutali. Ina imakhazikika pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pomwe kampani ya EGENCO imawononga ndalama zambiri kuikokolola. Ina imavutitsa mapampu a Blantyre Water Board pa Walker's Ferry. Yotsala imabwera kwathu. Pitani mukaone mtsinje wa Mwanza m'chilimwe: ndi msewu wa mchenga, ndipo m'malo ena pansi pake patsala pang'ono kulingana ndi gombe. Mtsinje wotero sufuna namondwe kuti usefukire. Mvula ya masiku awiri ku Mwanza ndi ku Thambani imakwana. Mlatho wa Chapananga, umene tidaudikira zaka zambirimbiri n'kuutamanda kuti ndi wautali kuposa yonse, udangotumikira nyengo zochepa Ana asadaugumule.

Apa wina andiuza kuti ndikuiwala kusintha kwa nyengo. Sindikuiwala. Namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, kenako ng'amba ya El Niño mu 2024 yomwe idachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Agogo athu sadaone zotere zikutsatizana chonchi. Asayansi a gulu la World Weather Attribution adafufuza mvula ya Ana ndipo adapeza kuti kutentha kwa dziko kudaiwonjezera mphamvu. Nthawi ya Freddy, ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku 4, yoposa imene Ngabu amalandira chaka chathunthu. Palibe nkhalango ingamwe madzi otero. Napolo adatsika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991 mitengo ikadalipo yambiri. Anthu oposa 1,200 amene adafa kapena kusowa ndi Freddy ali ndi mlandu weniweni ndi maiko amene adalemera potentha malasha ndi mafuta, ndipo thumba la ndalama zolipira zowonongeka lomwe adagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022 tiyenera kulilondola mopanda manyazi.

Chimene ndikukana n'chakuti mawu oti kusintha kwa nyengo asanduke pobisalira. Ndi mawu okoma kwa wolamula chifukwa wolakwa ali kutali, ku Ulaya kapena ku America, ndipo palibe amene angachotsedwe ntchito. Nyengo siidasaine chilolezo chocheka mkungudza. Siidalandire kanthu pa lodibuloko kuti lole ya makala idutse. Namondwe wamkulu amabwera kamodzi pa zaka zingapo, koma mchenga umadzaza mitsinje yathu chaka ndi chaka, ndipo ndiwo umasandutsa mvula wamba kukhala maliro. Mvula ikamakula mphamvu, ndiye kuti phiri lopanda mitengo likhala loopsa kawiri. Kusintha kwa nyengo kukutipatsa chifukwa chogwirira ntchito kumapiri mwachangu, ndipo ena akukugwiritsa ntchito ngati chifukwa chokhalira pansi kudikira ndalama za kunja.

Tsopano tibwere ku funso lija amalikonda: bwanji osasamuka?

Wofunsa funso limeneli sadalimepo m'chigwa. Kuno kuli minda ya mitundu iwiri. Kuli mphala, munda wa kumtunda wodalira mvula, ndipo kuli dimba, munda wa m'mbali mwa mtsinje ndi m'dambo wodalira chinyezi chimene madzi amasiya akaphwa. Mphala imakunamiza zaka zambiri, pakuti mvula yathu ndi yosadalirika. Dimba ndiye nkhokwe. Madzi akabwerera mu Epulo ndi Meyi amasiya dothi lachonde losafuna feteleza, anthu n'kubzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, n'kumakolola mpaka Okutobala pomwe dziko lonse lili mbee. Mbatata ndi nyemba zimene zimadzaza misika ya Blantyre m'chilimwe, zambiri ndi za m'madimba athu. Wolemba mbiri Elias Mandala adafotokoza bwino m'buku lake la mu 1990 momwe moyo wa Amang'anja udakhazikikira pa minda iwiriyi, ndiponso momwe kukwera kwa madzi a Shire m'zaka za m'ma 1930 kudamizira madimba n'kusokoneza moyo wa anthu ku Nsanje. Pa chaka cha njala dambo lomwelo limapereka nyika, mlamba ndi makakana. Mukauza munthu wa kwa Nyachikadza kuti asiye zonsezi akakhale pa mtunda wa miyala, kwa mfumu ina, popanda munda, popanda mjigo, mwamuuza kuti asinthe imfa ya madzi yobwera mwa apo ndi apo ndi njala yobwera chaka chilichonse. Akakana si kusamva. Wawerengera bwino kuposa inu.

Ndipo mtunda umene mukuunenawo uli kuti? Minda ya nzimbe ya ku Nchalo yakhala pa malo abwino kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Kumadzulo kuli Lengwe, Majete ndi Mwabvi. Sindikudandaula nazo nkhalangozi. Majete, yomwe idatheratu nyama African Parks isadaitenge mu 2003, lero ili ndi zipembere, njovu ndi mikango, ndipo Lengwe ndi kwawo kwa boo. Mitengo imene yatsala yoimirira m'chigwa muno yambiri ili m'menemo. Ndikungoti malo otsala ndi ochepa, ali ndi eni ake, ndipo kusamutsa mudzi kumafuna ndalama zogulira malo, sukulu, chipatala ndi msewu wobwerera kudimba. Anthu ambiri a ku Makhanga ndi madera ena avomera kale kugona kumtunda n'kumalima kumunsi. Chimene amakana ndi kutayidwa pa tchire ndi lona limodzi, atolankhani akajambula aliyense n'kubwerera ku Lilongwe.

Dambo la Elephant Marsh nalo timalipeputsa. David Livingstone atadutsa mu 1859 adawerenga njovu pafupifupi 800 pamenepo. Njovu zidatha, koma mvuu, ng'ona, nkhwazi, akakowa ndi mbalame zamitundumitundu zikadalipo, ndipo mu 2017 dambo la mahekitala 61,556 limeneli lidalembedwa pansi pa pangano la Ramsar. Ntchito yake yaikulu siyoonetsa alendo mbalame. Ndilo limamwa madzi a Shire ndi Ruo asadafike ku Bangula, kwa Tengani ndi ku boma la Nsanje. Mchenga wochokera kumapiri ukamalikwirira, namasupuni akamatseka mifuleni yake, malo osungira madzi amachepa ndipo madzi saiwala khwawa: akasowa dambo adzafuna mudzi. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera pa Kapichira kulowera ku Bangula kukathirira mahekitala 43,370, ndi ntchito imene ndikuifunira zabwino. Koma Ana adawononga poyambira pake isadathe n'komwe. Ngalande ya mabiliyoni yomwa madzi a mtsinje wodzaza matope idzakhala ikudya ndalama zokokolola mchenga mpaka kalekale, ndipo chimodzimodzi damu limene akufuna kumanga pa Mpatamanga.

Malamulo tili nawo. La madzi la mu 2013 lidakhazikitsa National Water Resources Authority. La nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020. La ngozi zogwa mwadzidzidzi lidalembedwanso mu 2023, Freddy atangodutsa. Ngongole za World Bank zosamalira chigwa cha Shire zabwera kuyambira 2012. Vuto n'lakuti mtsinje ndi umodzi koma maofesi ndi khumi, ndipo bwanamkubwa wa ku Mulanje sayankha mlandu wa madzi amene amapha anthu ku Nsanje. Ntchito zambiri zimathera pa tsiku lobzala mitengo: nduna ithirira kambande kamodzi, ana asukulu aimba, mu Juni mbuzi zadya.

Njira ya chikwapu tidaiyesa kale. M'zaka za m'ma 1950 atsamunda adakakamiza anthu a chigwa chino kulima mizere pansi pa malamulo a malimidwe, okana n'kumalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu adadana ndi nkhani yonse yosamala nthaka kwa m'badwo wathunthu. Koma pitani ku Khulubvi ku Nsanje, ku kachisi wa M'bona. Nkhalango ija yaima zaka mazana ambiri popanda mlonda wa mfuti, chifukwa anthu ozungulira amaiona kuti ndi yawo ndipo ali ndi chifukwa choisungira. Mlimi wa ku Thekerani nayenso adzasunga mitengo ya m'khwawa tsiku limene mtengo woimirira udzamupatse zambiri kuposa thumba la makala.

Ndalama zake zisachokere kwa azungu okha. Mtsinje wa Shire umapanga magetsi ambiri a dziko lino. Umamwetsa mzinda wa Blantyre, umene kuyambira 2019 ukukokanso madzi a Likhubula kuchokera ku Mulanje. Umathirira nzimbe zopanga shuga wogulitsidwa kunja. Onsewa amadya za phiri. Pa bilu iliyonse ya magetsi, ya madzi ndi pa thumba lililonse la shuga pakhale kagawo kodziwika, kolembedwa m'lamulo, kopita ku midzi ya kumapiri imene ikusunga nkhalango, ndipo malipiro azipita pa mitengo imene yapulumuka zaka zitatu, osati pa mbande zogawidwa. Eni minda ya tiyi akhale pansi ndi boma pa nkhani ya malo amene sakuwalima, kuti anthu atsike m'malo otsetsereka. Pa Ruo, pa Thuchila ndi pa Mwanza pakhale zoyezera madzi zogwira ntchito usiku ndi usana, uthenga wake uzifika pa foni ya mfumu ya kwa Mlolo ndi kwa Makhuwira madzi akadali ku Sandama, ndipo popeza tsidya lina la Ruo ndi Mozambique, anzathu a ku Milange akhale nawo pa dongosololi.

Aphungu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akhala akupempha ufa, malona ndi zipupa zotchinga madzi, ndipo sindikuwanyoza, anthu awo amafunadi zimenezo. Koma chipupa chomangidwa m'mbali mwa mtsinje umene ukudzaza mchenga chili ndi zaka zowerengeka. Pa zokambirana za bajeti ikubwerayi akhale pamodzi ndi anzawo a ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Neno ndi Mwanza, posayang'ana chipani, afunse nduna ya zachuma kuti pa ndalama zonse zimene boma ndi makampani amapeza kuchokera m'madzi a Shire, ndi zingati zimabwerera kumene madziwo amayambira. Nduna ikapereka nambala, ilembedwe m'nyuzipepala pambali pa ndalama zimene DoDMA idagwiritsa ntchito m'misasa ya ku Bangula ndi ku Nchalo chaka cha Freddy.